Kalata Imene Sindinainyike mu Mgolo

1979 mpaka 1994

Ana anga, mutu uno wa mbiri yanga ndauzengereza kuposa mitu ina yonse, koma mlandu suola. Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza mu 1979 pa kaofesi kena ku Mayani. Dzina la ofesiyo ndilisiya, ndi la bwana wanga lomwe, poti mwini wake anagona kalekale ndipo ana ake alibe chifukwa. Ndinali kalaliki wotayipa makalata. Bwana amayankhula akuyenda uku ndi uku, manja ali kumbuyo, ine n'kumagogoda makina, mapepala awiri nthawi imodzi ndi kaboni pakati: lapamwamba lopita ku boma, lapansi lotsala mufayilo. Ndinkadzitama kuti sindilakwitsa ngakhale chilembo chimodzi. Za tanthauzo la zomwe ndinkatayipazo ndinkati si ntchito yanga, ine ndine zala chabe.

Mnzanga weniweni nthawi imeneyo anali a Gwaza, mphunzitsi wa sitandade 7. Loweruka masana tinkasewera bawo pakhonde la sitolo ina pamsika, pomwe a Lemani, telala, ankasokerapo. Tsiku lina mu 1984, ana asukulu atatha sabata yathunthu akuphunzira magule okalandirira akuluakulu, a Gwaza anati, uku akutakata, "Ana awa adzadziwa kuvina, koma dzina lawo lomwe adzachita kupempha wina kuti awalembere." Tinaseka tonse atatu. Lolemba m'mawa, pofuna kuti bwana aone kuti inenso ndimacheza ndi anthu anzeru, ndinamufotokozera nthabwala ija. Bwana sanaseke. Anangoti, "Ikani mapepala, a Mbewe." Anayankhula, ine n'kutayipa, ndipo pomaliza analoza pansi pa kalatayo nati ndisayine ngati mboni. Ndinasayina. Ndinkaopa, n'zoona, koma ndikanatha kunena kuti ndinamva molakwa, ndipo sindinatero.

Pasanathe milungu iwiri a Gwaza anatengedwa ali m'kalasi. Anabwerako patapita zaka zitatu akutsokomola, ndipo chaka sichinathe tinakawaika. Anthu anafunafuna amene anawanenera, chala n'kugwera a Lemani, chifukwa iwo ndi omwe ankasoka mayunifolomu a anyamata a chipani, komanso mwezi womwewo anali atakangana ndi a Gwaza pa nkhani ya malire a dimba. Anthu anasiya kuwapatsa zosoka. Potsiriza anamanga makina awo panjinga n'kubwerera kwawo kumapiri a ku Lobi. Ine ndinaonerera njingayo ikudutsa pawindo la ofesi, n'kupitiriza kutayipa.

Kenaka anandisamutsira ku Lobi zaka ziwiri, komwe ndinkazungulira njira kuti ndisakumane nawo, ndiye ku boma, ndiye kubwereranso ku Mayani. Mu 1992 mayi anu anatisiya. Inu munali kale ku Lilongwe. Akuchikazi ku Kasina anandisudzula mwaulemu wonse, monga mwambo unenera, koma mkamwini akasudzulidwa amanyamula nkhwangwa yake n'kumapita kwawo, ndipo kwathu kunali kutatsala matsala ndi adzukulu ondifunsa kuti ndine yani. Matipate atabwera, ofesi yathu inatsekedwa. Ndinachita lendi kachipinda kuseri kwa chigayo. Ndikalowa m'tiyirumu anthu ankasintha nkhani, poti kalaliki wa ofesi ija anali atadziwika ngati munthu wa makutu aatali. Sankadziwa chenicheni chimene ndinachita, komabe sanalakwitse kwambiri. Ndinasungulumwa koopsa zaka zimenezo, moti ndinayamba kuyankhula ndi wailesi.

1995

Chaka chimenechi timakampani tinaphuka ngati bowa. Amene anachotsedwa ntchito, amene anabwerera kuchokera kunja, aliyense anafuna kuyambitsa kake, ndipo poti katundu wam'sitolo anali atakwera mtengo, ambiri anayang'ana kudzala. Wina ankasula makasu kuchokera ku masipuling'i a galimoto, wina nsapato za matayala, wina nyale za zitini za mafuta ophikira. Kunena zoona osauka sanayambe ataya kanthu chiyambire, thumba la feteleza limakhala mphasa, denga, chikwama, mpaka kutha lokha. Chatsopano chinali choti munthu amange ntchito yeniyeni pa zotayazo, yokhala ndi chitseko, antchito ndi nthawi yowerukira.

Kakampani komwe kanandilemba ine kanayambitsidwa ndi mayi Elube, mwana woyamba wa a Gwaza. Anali atagwirapo ntchito kwina ku Blantyre kumene anaona anthu akupanga mapepala ndi manja, ndipo anabwerera kudzasamala mayi awo. Anatenga nyumba yakale yosungiramo fodya kumunsi kwa msika, migolo itatu, mitondo inayi ndi jeke wa lole. Anandipeza ndikuwotha dzuwa pakhomo pa chigayo.

"A Mbewe, ndamva kuti mukungokhala. Ndikufuna munthu wodziwa mapepala ndi maofesi."

"Mayi, anthu adzakunenani mukandilemba ine."

"Anene. Bambo anga ankakukondani. Tili ana ankati kulibe munthu wowavuta pa bawo ngati inu."

Ndinavomera, mtima ukundiluma. Munthu wabwino akananena zonse pomwepo, koma ine ndinaona mwayi wokhalanso pakati pa anthu, ndipo ndinaugwira ndi manja awiri.

Ntchito yake inali yotere. Tinkatolera mapepala otha ntchito m'masukulu, kumishoni ndi m'maofesi. Amayi asanu ankawang'amba tizidutswa, ine n'kuwanyika m'migolo masiku atatu. Akafewa ankawasinja mumtondo pamodzi ndi makoko a chimanga kapena makungwa ouma a nthochi, mpaka akhale ngati phala. Phalalo tinkalitunga ndi sefa wa waya wa udzudzu wokhomedwa pa timatabwa, n'kulikhuthulira pa zidutswa za bulangete, kusanjikiza, kenaka kufinya ndi jeke uja. Likauma limakhala pepala lochindikala, lotuwa, lokhala ndi timizere ta makoko. Tinkapanga maenvulopu, zikuto za makope ndi makadi omwe alendo odutsa pamsewu waukulu ankawakonda. Zinyenyeswa zotsala tinkaziumba timibulu tophikira m'malo mwa makala, ndipo madzi ake ankathirira ndiwo kuseri. Miyezi yoyamba tinasinja makadi a chipani chakale matumba awiri athunthu, amene kale munthu sankalowa mumsika popanda iwo. A Nasibeko, mkulu wa amayi osinja, ankati mtondo wa makadi sutopetsa mkono.

Mavuto analipo. Dzuwa la ku Dedza ndi laulesi. M'miyezi yozizira nkhungu imatha kukhala mpaka masana, mapepala n'kuchita nguwi pa chingwe. Chodabwitsa china, zinyalala zomwezo zinayamba kusowa. Ogulitsa tchipisi ndi usipa ankazifuna zokulungira, akuluakulu ankazifuna zopichirira fodya, ndipo mlonda wa sukulu ina atangoona kuti tikuzifuna anayamba kutseka dzala ndi minga. Panali masiku omwe migolo inali gwa, amayi akungocheza.

Mayi Elube anali ndi lamulo limodzi losasintha: osawerenga. Pepala lililonse ulitembenuze, zolemba ziyang'ane pansi, ndiye ung'ambe. Ankati m'matumbamo mumabwera zotsatira za mayeso a ana a eni, makalata a odwala, madandaulo a mabanja, ndipo tsiku limene kudzamveke kuti pano pamatuluka nkhani, palibe adzatipatsenso pepala. Poyamba lamuloli ndinalikonda kuposa wina aliyense, pa chifukwa changa.

Masana tinkadyera pamodzi pansi pa mtengo wa pichesi, mbatatesi yophika ndi mchere, mbale imodzi. Amayi ankandiseka kuti ndimasenda mbatatesi ngati ndikutsegula kalata ya bwana. Kuyambira pamene mayi anu anamwalira, kumeneko ndi kumene ndinayambanso kudya ndi anthu. Koma dzina la a Lemani likatchulidwa, mayi Elube ankasiya kudya. Tsiku lina a Nasibeko ananena kuti amva kuti mkuluyo maso akumuvuta, sakusokanso. Mayi Elube anangoti, "Mulungu sagona," n'kudzuka. Ine ndinapitiriza kusenda mbatatesi yanga.

1996

Mu Julaye munthu amene anagula nyumba ya ofesi yathu yakale anafuna kuikamo golosale, ndipo anatitumizira uthenga kuti tikatenge zinyalala zisanawotchedwe. Tinali titatha milungu itatu osapanga kanthu, choncho amayi anaimba nthungululu ngolo itafika ndi matumba asanu ndi limodzi. Ine nditangomasula loyamba ndinazindikira fungo lake, ndi zingwe zobiriwira zomwe ndinkamangira mafayilo ndi manja angawa. Ndinauza amayi kuti ayambe ndi matumba enawo, ine ndichotse kaye timawaya ndi mapini mu ili. Ndinkadziwa chimene ndikufuna, ndipo ndinachipeza dzuwa lisanafike pamutu: pepala lapansi lija, lopyapyala, zilembo zake zabuluu, dzina la a Gwaza pamwamba, mawu a pa bawo aja pakati, ndi siginecha yanga pansi, yooneka bwino ngati ndasayina dzulo.

Mgolo unali pafupi, mkono umodzi chabe. Lamulo la pantchito lenilenilo linkandiuza kuti nditembenuze, nding'ambe, ndinyike. Pofika Lachisanu kalatayo ikanakhala envulopu, wina n'kuikamo moni wopita kwa bwenzi lake. Palibe akanadziwa, bwana anali atamwalira, ndipo pepala lapamwamba ndani akudziwa komwe linathera. Ndinaima pamenepo ndikumva minsi ikugunda ndi amayi akuseka. Ndinaganiza za mtengo wa pichesi ndi za kachipinda kanga kuseri kwa chigayo. Ndinaganizanso kuti pepala ili linali mboni yokhayo imene a Lemani anali nayo padziko lonse, ndipo ndi ine ndemwe ndinali nditaigwira pakhosi kachiwiri. Sindinalimbe mtima tsiku limenelo. Kalatayo ndinaipinda n'kuiika m'thumba la jekete, ndipo ndinayenda nayo masiku anayi. Tsiku lililonse ndinkati lero ndinyika, n'kuweruka nayo.

Lachisanu m'mawa ndinapeza mayi Elube ali okha, akuyanika mapepala pa chingwe.

"Mayi, ndaswa lamulo lanu. Ndawerenga."

"Inu a Mbewe? Mwa anthu onse?"

"Werenganinso inu. Mukatha mundiuze chochita."

Anapukuta manja pa chitenje n'kulandira. Anawerenga kamodzi, n'kubwereranso pamwamba. Anandifunsa ngati anandikakamiza. Ndinati kusayina anandiuza ndi bwana, koma nkhaniyo ndinaipititsa ndekha, popanda wondituma, pofuna kusekeretsa munthu. Anandifunsa ngati a Lemani ananenapo kanthu kwa wina aliyense. Ndinati ayi.

"Zaka khumi ndi ziwiri," anatero. "Amayi anga samuyankha moni munthu uja. Pa maliro a bambo tinamubweza pachipata, atanyamula nkhuku. Inu munali mkati, munanyamula nawo bokosi."

Ndinayembekeza kuti andithamangitsa pomwepo, ndipo zikanandipepukira. Iwo anandibwezera kalatayo.

"Kwa amayi ndikanena ndekha. Iyi mupite nayo ku Lobi, mukawawerengere a Lemani ndi pakamwa panu. Musatumize munthu."

Ndinanyamuka m'mawa mwake panjinga, nkhungu ili tolo. Zitunda za ku Lobi ndinazikwera ndikukankha. Ndinawapeza a Lemani atakhala pa mpando wa ndalema kuseri kwa nyumba, pobisalira mphepo, akusenda nyemba zouma mongopapasa. Makina aja anali pakhonde atavundikiridwa ndi thumba, nkhuku itaikira pansi pake. Maso awo anali atachita mtambo, koma mawu anga anawazindikira msanga.

"Kodi si a kalaliki awa? Mwasochera?"

Titapatsana moni ndinakhala pansi, pa dothi, ndipo ndinawerenga kalata yonse, kuyambira tsiku mpaka dzina langa. Ankangosendabe nyemba. Nditamaliza anati, "Ndinkadziwa."

"Munkadziwa?"

"Pakhonde paja tinalipo atatu. Wina anamangidwa, ine sindinanene. Kuwerengera kwake sikufuna sukulu, a Mbewe."

"Nanga bwanji simunanditchule?"

"Ndikanatchula munthu wa ofesi nthawi imene ija? Ndikanatsatira a Gwaza. Ndipo zinthu zitasintha ndani akanamvera telala wa mayunifolomu? Ndinkangoti mwina tsiku lina adzabwera yekha. Mwabwera, koma mwapeza maso atapita."

Ndinapepesa. Mawu anga anamveka aang'ono kwambiri pabwalo lija. Iwo sananene kuti akhululuka, sananenenso kuti akana. Anapempha kalatayo, anaisisita ndi zala mbali zonse, n'kuitana mkazi wawo kuti akaiike m'Baibulo, kuti adzukulu akadzamva kusukulu kuti agogo awo anagulitsa mphunzitsi adzakhale ndi chowaonetsa anzawo. Mayiwo anandipatsa madzi akumwa, poti mlendo sabwerera kukhosi kuli gwa, koma sanandiyang'ane kumaso.

1996 mpaka 1999

Sabata yotsatira mayi Elube ndi mayi awo anapita ku Lobi ndi mbuzi. Zimene anakambirana sindikuzidziwa. Nkhani inafalikira Mayani yense, ndipo tsopano anthu a m'tiyirumu anali ndi chifukwa chenicheni chokhalira chete. Mayi Elube ntchito sanandichotse. Anati kampani ilibe munthu wina wodziwa zitseko za maofesi, ndipo amayi asanu aja sangagone ndi njala chifukwa cha mkwiyo wa iwo. Ukaipa dziwa nyimbo, amatero akulu. Koma anandichotsa pa migolo n'kundipatsa njinga ya kampani, kuti ndizitolera mapepala ku Kasina, ku Lobi ndi m'masukulu a m'midzi. Ndinkanyamuka amayi asanafike, n'kubwerako atatsala pang'ono kuweruka. Pansi pa mtengo wa pichesi sindinadyerenso. Palibe anandiletsa, komanso palibe anandiitana, kupatula a Nasibeko amene nthawi zina ankandisiyira mbatatesi ziwiri pa chishalo cha njinga.

Zaka zitatu zimenezo ndinaziyenda ndekha m'zitunda, matumba ali kumbuyo, mphepo ikundimenya kumaso. Kampani inakula pang'ono. Amayi anafika asanu ndi anayi, masukulu ena anayamba kutipatsa makope akale ife n'kuwabwezera zikuto zatsopano, ndipo m'nyumba zingapo pa Mayani anayamba kuphikira timibulu tathu m'malo modula mitengo ya m'phiri. Ndinkanyadira ndikaona mwana wanyamula kope la chikuto chotuwa chija, ngakhale kunalibe womuuza kunyada kwangako. Ndikadutsa ku Lobi ndinkapatukira kwa a Lemani. Ankandilola kukhala, nthawi zina ankandituma kuwawerengera kalata ya mwana wawo wa ku Kasungu. Ubwenzi sunali, koma sankandibweza. Anamwalira mu 1998, ndipo pa maliro awo banja la a Gwaza linakhala kutsogolo. Ine ndinakhala kumbuyo, ndi anthu odutsa.

Ndi mayi Elube tinkangoyankhulana za ntchito: matumba angati, sukulu iti, tayala laphulika. Sanandichitire nkhanza tsiku ndi limodzi lomwe, ndipo sanandisekerenso. Ndikamaganiza tsopano, ndimasowa kuseka kwawo kuposa zina zonse zimene ndinataya.

Kumapeto kwa 1999 mawondo anakana zitunda, ndipo ndinapempha kupuma. Tsiku lomaliza ndinatsuka njinga, ndinapopa matayala, n'kuiimika mkati. Amayi anandipatsa moni wa m'manja mmodzimmodzi. Mayi Elube anatuluka ndi mtolo womangidwa ndi luzi, mapepala athu omwe, osankhidwa bwino, osalala mbali imodzi.

"Awa achokera m'matumba aja a ku ofesi kwanu," anatero. "Ndinawasunga padera, sindinafune kuwagulitsa. Moyo wanu wonse mwalemba zouzidwa ndi ena. Ana anu adzamva nkhaniyi kwa anthu, ndipo anthu adzawonjezera kapena kuchotsera. Kalembeni nokha."

"Zikomo, mayi. Kodi mwandikhululukira?"

Anayang'ana chingwe cha mapepala. "Sindikudziwa, a Mbewe. Ndikadzadziwa ndidzakuuzani."

Mpaka lero sanandiuze, ndipo sindinafunsenso. Mtolo uja unakhala pansi pa bedi zaka zambiri, ndikuuopa. Mitu ina yonse ya mbiri iyi ndailemba m'makope a m'sitolo, koma uno wokha ndaulemba pa mapepala amenewo, n'chifukwa chake mukuona inki ikufalikira ndi cholembera chikupunthwa pa makoko. Mukayang'anitsitsa padzuwa muona timadontho tabuluu apa ndi apo. Ndi kaboni wanga uja, mtondo sunathe kumusinja yense. Pansi pano ndasayina dzina langa ngati mboni, ndipo ulendo uno palibe amene waloza ndi chala pamene ndisayine.